Kuthetsa Ukwati ku Khoti: Zomwe Lamulo Likunena pa Mafunso Omwe Amavuta Anthu ku Zomba

Mabanja ambiri omwe anthu amati anatha m'boma la Zomba sanathe pamaso pa lamulo. Mkamwini anatola zovala zake kumudzi kwa mkazi ku Jali n'kubwerera kwawo, ankhoswe anakhala pansi kangapo mpaka kuvomereza kuti zakanika, aliyense n'kuyamba moyo wina. Koma poti palibe khoti lomwe linagamula, awiriwo akadali pa ukwati m'maso mwa boma. Vutoli limabisala kwa zaka zambiri, ndipo limadzaonekera pamene mmodzi wamwalira n'kusiya nyumba ku Matawale kapena ndalama za penshoni, pamene wina akufuna kumangitsa ukwati watsopano, kapena pamene ana abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, bambo awo n'kuyankha kuti za banja limenelo anathana nazo kalekale.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Marriage, Divorce and Family Relations Act, lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2015. Lamuloli limazindikira mitundu inayi ya ukwati: wa kuboma, womwe ambiri amautcha wa kwa DC, wa chikhalidwe, womwe umamangidwa ndi ankhoswe, wa chipembedzo, kaya kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wongolowana womwe wakhalitsa mpaka anthu onse kuudziwa ngati banja. Mitundu yonseyi lamulo limaipatsa ulemu wofanana, choncho mayi yemwe ukwati wake unamangidwa ndi chinkhoswe chokha kwa Mwambo kapena kwa Chikowi asamadzione ngati wopanda pogwira poyerekeza ndi mnzake yemwe ali ndi setifiketi ya kuboma.

Olowana ndiwo ali ndi ntchito yoonjezera, chifukwa ukwati wawo umayamba kuwerengedwa pokhapokha khoti litaunika n'kupeza kuti unalipodi. Khoti limafuna kuona kuti awiriwo akhalira limodzi zaka zosachepera 5, ndipo limayang'ananso ngati ankagona nyumba imodzi, ngati ankadalirana pa ndalama, momwe ankapezera ndi kugwiritsa ntchito katundu, ngati ali ndi ana omwe ankalera limodzi, komanso ngati anansi, achibale ndi akumpingo ankawatenga ngati bambo ndi mayi a pakhomo. Mayi yemwe wakhala ndi mwamuna zaka 3 m'nyumba ya lendi ku Chinamwali popanda unkhoswe adzavutika kuti khoti limuone ngati mkazi wapabanja, ngakhale kuti ana omwe abadwapo ali ndi ufulu wonse wolandira chisamaliro kuchokera kwa bambo awo, popeza ufulu wa mwana sudalira ukwati wa makolo ake.

Kodi ankhoswe, amfumu, abusa kapena a shehe angathetse ukwati? Anthu amenewa ali ndi gawo lalikulu, ndipo si nzeru kuwalumpha. Ankhoswe ndiwo mboni zoyamba zoti ukwatiwo unalipo, ndiwo amadziwa madandaulo omwe akhala akutulidwa kwa iwo, ndipo pa mlandu wa ukwati wa chikhalidwe woweruza nthawi zambiri amafuna kumva kuchokera kwa iwo ngati anayesa kuyanjanitsa awiriwo. Komabe mphamvu yothetsa ukwati mwalamulo, kugawa katundu mokakamiza ndi kulamula ndalama za chisamaliro cha ana ili ndi khoti. Kalata ya a nyakwawa kapena a gulupu ndi umboni wabwino, talaka, chisudzulo cha kwa Asilamu, ali ndi tanthauzo lake m'chipembedzo, ndipo mpingo uli ndi malamulo ake pa za ukwati womwe unadalitsa. Koma palibe mwa zimenezi chomwe munthu angapite nacho kwa abwana a kuntchito kwa mwamuna kuti azidula ndalama za ana pa malipiro. Nalonso khoti likathetsa ukwati silikakamiza mpingo kusintha chiphunzitso chake, n'chifukwa chake Mkatolika yemwe ukwati wake wathetsedwa ku khoti amakhalabe ndi nkhani ina yokambirana ndi mpingo wake ngati akufuna kudzakwatitsanso kutchalitchi.

Khoti loyenera kupitako limadalira mtundu wa ukwati, ndipo apa ndi pomwe anthu amataya nthawi ndi ndalama za minibasi. Ukwati wa chikhalidwe umathetsedwa ku khoti la majisitireti, lomwe linatenga ntchito ya makhoti a makolo omwe analeka kugwira ntchito mu 1994. Ukwati wa kuboma umathetsedwa ku Khoti Lalikulu, ndipo mwayi wa anthu a kuno ndi woti khotili lili ndi nthambi yake mumzinda wa Zomba momwemuno. Maukwati ambiri a kutchalitchi omwe anayamba ndi unkhoswe akhala akutengedwa ngati a chikhalidwe kwa zaka zambiri, choncho munthu asangoganiza kuti poti anavala velo ndiye kuti nkhani yake ndi ya ku Khoti Lalikulu. Atenge setifiketi yake akaionetse kwa kalaliki wa khoti kapena kwa loya, chifukwa pamenepo pamalembedwa lamulo lomwe ukwatiwo unamangidwira. Palinso malire pa mphamvu za majisitireti pa nkhani ya ndalama ndi umwini wa malo, motero zimachitika kuti majisitireti athetse ukwati koma nkhani yogawa katundu wamtengo wapatali, monga nyumba ya m'tauni kapena galimoto, n'kuitumiza ku Khoti Lalikulu.

Chaka chomwe ukwati unamangidwa chilinso ndi ntchito. Lamulo la 2015 linalembedwa kuti likhudze makamaka maukwati omangidwa lamuloli litayamba kugwira ntchito, ngakhale kuti gawo lake lonena za ufulu ndi udindo wa mwamuna ndi mkazi m'banja limakhudza maukwati onse. Pa ukwati wa kuboma womangidwa kale, makhoti akhala akuyang'ana lamulo lakale la chisudzulo, lomwe linkafuna kuti wodandaula atsimikize kulakwa kwa mnzake, ndipo pa nkhani yothawa banja linkafuna zaka 3.

Pansi pa lamulo latsopano chifukwa chothetsera ukwati ndi chimodzi: khoti likhutire kuti ukwatiwo wasweka kotheratu ndipo sungakonzekenso. Pofuna kufika pamenepo khoti limaunika zinthu monga chigololo chomwe chachititsa kuti wodandaula asathenso kukhala ndi mnzake, nkhanza, kusiyidwa popanda chifukwa kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, kupezeka wolakwa kwa mnzake pa mlandu wogwiririra, matenda a misala osachizika omwe munthu wakhala akulandira nawo chithandizo kwa zaka zosachepera 2, ndi china chilichonse chomwe khoti lingaone kuti n'chogwirizana ndi nkhaniyo. Nkhanza sikumenya kokha. Kutukwanidwa tsiku ndi tsiku pamaso pa ana, kumanidwa ndalama ya ndiwo mwadala pamene mwamuna akulandira malipiro, kutsekeredwa kunja usiku, zonsezi khoti limatha kuzimva, ndipo amuna omwe amachitiridwa nkhanza ndi akazi awo ali ndi ufulu womwewo wodandaula ngakhale ambiri amachita manyazi.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti, nanga mnzanga akakana, akanena kuti iye akundifunabe? Kukana kwake khoti limakumva, ndipo lingathe kupereka mpata woti awiriwo akayesenso kukambirana, koma kukanako pakokha sikutseka njira. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja, ndipo woweruza yemwe waona umboni woti banja linafa kale sangalamule munthu kubwerera m'nyumba yomwe akuiopa. Yemwe walandira chisamani n'kusankha kusapita ku khoti, poganiza kuti akatero mlandu uima, amadzipweteka yekha, chifukwa khoti likatsimikiza kuti chisamanicho chinamufikadi likhoza kumva mbali imodzi n'kugamula iye kulibe. Kwa iwo omwe amuna awo anapita ku Johannesburg zaka zapitazo n'kungoti zii, njira iliponso: khoti likhoza kuloleza kuti uthenga wa mlandu uperekedwe m'njira ina pamene munthu sakupezeka, bola wodandaula asonyeze kuti anayesetsa kumufunafuna.

Ku khoti la majisitireti mlandu umayamba mosavuta. Wodandaula amafotokoza dandaulo lake kwa kalaliki, amalipira ndalama yolembetsera mlandu n'kulandira lisiti, kenako chisamani chimapita kwa wodandaulidwa chokhala ndi tsiku loti onse akaonekere. Patsikulo aliyense amalankhula atalumbira, mnzake amapatsidwa mpata womufunsa mafunso, ndipo mboni zimalowa imodziimodzi. Pa benchi ya panja pa khoti mumatha kusiyanitsa yemwe wakonzeka ndi yemwe wangobwera ndi mkwiyo: wokonzekayo wafumbata kajumbo momwe muli buku la kuchipatala lolembedwa tsiku lomwe anamenyedwa, kalata ya kupolisi, makadi a kusikelo a ana, malisiti a malata ndi simenti, ndi kope la banki mkhonde losonyeza ngongole yomwe anatenga pomanga nyumba, ndipo pambali pake pakhala ankhoswe ake. Ku Khoti Lalikulu zinthu zimayenda ndi zikalata zolembedwa motsata ndondomeko, ndipo ngakhale lamulo silikakamiza munthu kukhala ndi loya, kuyenda wekha kumeneko n'kovuta. Osowa ndalama ya loya akhoza kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe lili ndi ofesi ku Zomba, ndipo kumeneko amayamba aunika kapezedwe ka munthu asanamuthandize.

Nkhani ya katundu ndiyo imatenga nthawi yaitali ndi kudanitsa mabanja kuposa chisudzulo chenichenicho. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu yemwe anali wa onse awiri, komanso chisamaliro choyenera poganizira kapezedwe ka mwamuna ndi zosowa za ana. Lamulo la 2015 linapitiriza pamenepo polamula khoti kugawa katundu mwachilungamo poyang'ana ndalama zomwe aliyense amapeza, chuma chomwe ali nacho, zosowa zake, udindo womwe wasenza, moyo womwe banjalo linkakhala, msinkhu ndi thanzi la aliyense, ndiponso zomwe aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Mfundo yomalizayi ndi yomwe amuna ambiri safuna kuimva. Bambo amaima m'khoti n'kunena kuti, "Bwana, nyumbayi ndinamanga ndi ndalama zanga, mayiwa sankagwira ntchito," koma lamulo limawerengera kuti mayiwo ankaphika, kulera ana, kulima chimanga chomwe chinachititsa kuti malipiro asathere ku ufa, kutungira madzi oumbira njerwa ndi kuphikira amisiri. Kuti poloti inalembedwa dzina la mwamuna ku khonsolo si mapeto a nkhani.

Komabe kugawa mwachilungamo sikutanthauza kuti chilichonse chidulidwa pakati. Makhoti athu, kuphatikizapo Khoti la Apilo lomwe ndi lalikulu kuposa onse, akhala akunena kuti munthu wapabanja akhoza kukhala ndi katundu wakewake, ndipo pofuna kudziwa ngati chinthu chinali cha onse awiri amayang'ana cholinga chomwe awiriwo anali nacho pochipeza ndi zomwe aliyense anathandizapo. Munda womwe mkazi anapatsidwa ndi amalume ake, kapena nyumba yomwe mwamuna anasiyiridwa ndi makolo ake asanakwatire, siingolowa m'gulu logawana popanda umboni woti winayo anaikapo thukuta lake kapena kuti anagwirizana kuti ikhale ya banja. Pomwe zaoneka kuti katundu anali wa onse koma n'zosatheka kudziwa kuti aliyense anaikapo zingati, makhoti amakonda kugawa mofanana. Zomwe zimawerengedwa ngati thandizo zikunka zikula: mu 2020 Khoti Lalikulu linagamula kuti mayi yemwe anasenza banja pamene mwamuna wake ankachita maphunziro apamwamba, n'kusiyidwa mwamunayo atamaliza, ayenera kulipidwa chifukwa cha zomwe anathandizapo pa maphunzirowo. Mumzinda ngati Zomba, momwe mabanja ambiri amamanga lamba kuti mmodzi apeze digiri ku yunivesite kapena ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, chigamulo chimenechi n'chofunika kuchidziwa.

Chikhalidwe nacho chimalowa m'khoti. Madera ambiri a Zomba, pakati pa Anyanja, Ayao ndi Alhomwe, amatsata chikamwini, ndipo mwambo wake ndi woti mwamuna amangire mkazi wake nyumba kumudzi kwa mkaziyo. Makhoti akhala akuulemekeza mwambowu, kotero kuti mwamuna yemwe anatengera mkazi m'tauni zaka zonse osamumangira kwawo akhoza kulamulidwa kumanga nyumbayo kapena kupereka ndalama yokwanira kumangira ukwati ukatha. Mkamwini yemwe anamanga kale nyumba ya malata pamalo a kuchikazi ayenera kudziwa kuti nthakayo ndi ya mbumba ya mkazi, ndipo kusasula malata usiku n'kuthawa nawo kumangomuonjezera mlandu. Ngati akuona kuti anaikapo zambiri, akanene m'khoti kuti ziganiziridwe pogawa katundu wina. Pa ukwati wa chikhalidwe khoti limathanso kulamula yemwe wapezeka kuti ndiye waphwasula banja kuti apereke chipukuta misozi, ndipo wolipayo akhoza kukhala mwamuna kapena mkazi. Anthu ochokera kumadera a lobola, monga kumpoto kapena kuchigwa cha Shire, omwe akukhala ku Zomba chifukwa cha ntchito, ayembekezere kuti khoti lidzafunsa za mwambo womwe ukwati wawo unatsata, osati mwambo wa komwe akuchita lendi.

Ine ndimaona kuti kulakwitsa kwakukulu pa nkhani ya katundu kumachitika mlandu usanayambe. Munthu akangomva kuti mnzake wapita ku khoti amathamangira kugulitsa ng'ombe, kusintha dzina pa poloti kuti likhale la mchimwene wake, kapena kusamutsira mipando kwa chibwenzi. Yemwe akuopa zotere apemphe khoti msanga kuti liletse kugulitsa kapena kusamutsa katundu mpaka mlandu utatha, ndipo alembe mndandanda wa zonse zomwe zili pakhomo, ndi ngongole zomwe, pakuti nazonso khoti limaziganizira.

Pa za ana, khoti silifunsa kuti wolakwa ndani pakati pa makolo kapena kuti mwambo umapereka ana kwa yani. Limafunsa chomwe chili chokomera mwanayo. Mfundo imeneyi ili m'gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko komanso m'lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010. Mawu oti ana ndi a kuchikazi chifukwa kuno n'kwa chikamwini, kapena oti ndi a kuchimuna chifukwa lobola inaperekedwa, khoti limawamva koma silimangidwa nawo. Limayang'ana msinkhu wa mwana, yemwe wakhala akumusamalira, sukulu yake, chitetezo chake, ubwino woti abale asalekanitsidwe, ndi maganizo a mwanayo ngati wafika pozindikira. Mwana wamng'ono kwambiri kawirikawiri amakhala ndi mayi ake pokhapokha patakhala chifukwa chomveka, ndipo kukhala ndi ndalama zambiri pakokha sikupatsa bambo ana, popeza ndalamazo akhoza kuwathandiza nazo ali kwa mayi awo. Kholo lomwe silikukhala ndi ana limapatsidwa mpata wowaona, ndipo winayo sayenera kuwabisa pofuna kubwezera.

Udindo wosamalira mwana ndi wa makolo onse awiri mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 18, ndipo khoti likhoza kuupitiriza ngati akadali pasukulu. Palibe ndalama imodzi yoikika ya aliyense. Khoti limayerekeza zosowa za mwana ndi kapezedwe ka kholo, choncho wa kabaza wa pa Mpondabwino sangalamulidwe mofanana ndi mphunzitsi wa ku yunivesite. Kukwatira kwina sikuchotsa udindowu, ndipo kukwatiwanso kwa mayi sikumasula bambo wobereka. Wolamulidwa akasiya kupereka, mayi kapena bambo yemwe ali ndi ana abwerere ku khoti lomwe linagamula, lomwe lili ndi mphamvu yolamula kuti ndalamazo zizidulidwa pa malipiro kapena kuti katundu agwidwe. Zinthu zikasintha, monga ntchito kutha kapena mwana kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, mbali iliyonse ikhoza kupempha kuti chigamulo chiunikidwenso. Chisamaliro cha ana munthu akhoza kuchipempha ngakhale ukwati usanathe.

Yemwe moyo wake uli pachiswe asadikire mlandu wa chisudzulo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira kapena kuopseza mnzake, ngakhalenso kulamula kuti wochitiridwa nkhanzayo ndi ana atsale m'nyumba pamene wankhanzayo watulutsidwa. Ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit, ndi poyambira pabwino, ndipo mayi yemwe wathawa kumenyedwa n'kupita kwa makolo ake sataya gawo lake la katundu chifukwa choti ndiye anatuluka m'nyumba.

Si aliyense wopita ku khoti yemwe amafuna chisudzulo. Lamulo limalola kupatukana kovomerezedwa ndi khoti, pomwe awiriwo amakhala kosiyana koma ukwati ulipobe ndipo palibe yemwe angakwatire kwina. Limalolanso kupempha khoti kuti ligamule kuti ukwatiwo sunali wovomerezeka kuyambira pachiyambi, monga pamene munthu anakakamizidwa kapena kunamizidwa kuti avomere, pamene awiriwo ndi apachibale chapafupi, kapena pamene mmodzi anali kale pa ukwati wosalola mitala.

Ukwati wa kuboma ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo kukwatira wina usanathetsedwe ndi mlandu womwe munthu akhoza kumangidwa nawo. Apa pali msampha womwe ambiri sauona. Khoti Lalikulu limayamba lapereka chigamulo chongoyembekezera, chomwe maloya amachitcha decree nisi, ndipo pamayenera kudutsa nthawi yomwe lamulo linaika chisanatsimikizidwe kukhala chomaliza. Pakati pa ziwirizi ukwati umakhala ulipobe. Chikalata chomalizacho chimachita kupemphedwa, ndipo yemwe wangomva woweruza akulankhula n'kutuluka osadzabweranso kudzachitenga akhoza kukabwezedwa tsiku lomwe akukalembetsa ukwati wina. Chimodzimodzinso, ngati mmodzi wamwalira ukwati usanathetsedwe, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaona wotsalayo ngati mkazi kapena mwamuna wa malemuyo, ngakhale kuti anasiyana nyumba kalekale ndipo pakhomopo panalowa munthu wina. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti, kaya pa katundu, pa ana kapena pa chipukuta misozi, ali ndi ufulu wochita apilo ku Khoti Lalikulu, koma masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka, choncho afunse kalaliki tsiku lomwelo la chigamulo ndi kupempha kope la chigamulocho lodindidwa ndi khoti.